Tepi yoyezera njotchipa kuposa chipepeso

M'chaka cha 2024 madzi a m'Nyanja ya Malawi anakwera kupitirira mamita 476 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, ndipo kwa miyezi ingapo mafoni athu anadzaza ndi zithunzi za maloji. Ku Senga Bay madzi ali m'khonde, ku Mangochi bwato likudutsa pomwe kale panali kapinga, eni malo akudandaula pa wailesi kuti boma litsegule zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde madziwo apite. Dandaulo lawo ndimalimva, pakuti m'malojimo mumagwira ntchito abale athu. Chimene chinandinyansa n'chakuti mkangano wonse unathera pa ndalama za alendo. M'mbali mwa nyanja yomweyo muli manda, matchalitchi, mizikiti, madoko ndi sitima zimene zasunga mbiri ya dziko lino kwa zaka zoposa 100, koma za izo tinangoti zii, ngati ndi za eni ake ena.

Mfundo yanga ndi iyi, ndipo ndiinena mosapsatira. Chinthu chakale chimene chili pafupi ndi madzi chimapulumutsidwa ndi munthu amene amapita kukachiyeza chaka ndi chaka, madzi adakali patali. Kuno kwathu munthu wotereyu sitimulemekeza. Timalemekeza amene amafika madzi atadutsa kale, atanyamula mabulangeti, ndowa zapulasitiki ndi atolankhani.

Phunziro labwino pa nkhaniyi lili pa nsanja za nyali zotsogolera sitima usiku, chifukwa nyumba zimenezi zimamangidwa dala kumphepete kwenikweni kwa mtunda, ndiye madzi akayamba kudya gombe ndizo zimayamba kulawa. Ife a dziko lopanda nyanja yamchere, nsanja zazitalizi ambiri timangozionera pa zithunzi. Madalaivala a matraki opita ku Beira mwina anaionapo ya Macuti, yomangidwa mu 1904, ya mizere yofiira ndi yoyera, imene patsogolo pake pagona chisitima chadzimbiri mumchenga. Koma nkhani imene ndikufuna muimve ndi ya nsanja ya Cape Hatteras ku America. Anaimanga ndi njerwa mu 1870, kutalika kwake pafupifupi mamita 60, ndipo nthawiyo madzi anali pa mtunda wa mamita pafupifupi 460. Nyanja inadya mchenga pang'onopang'ono mpaka mtundawo unatsala wosakwana mamita 40. Anayesa kuthira mchenga, anayesa kumanga makoma olowa m'madzi, zonse zinangogula nthawi. Mu 1988 akatswiri a National Academy of Sciences analangiza kuti nsanjayo isamutsidwe. Anthu anakangana zaka khumi, ena akuti igumuka panjira, ena akuti ikachoka pamalo pake ndiye kuti yatha ntchito. Mu 1999 anaikweza yonse ndi majeki, n'kuikhazika pa njanji, n'kuikankha mamita 880 kulowa kumtunda m'masiku 23. Ndalama zake zinali madola 11.8 miliyoni.

Ndikudziwa kuti maso anu athamangira pa madolawo. Abwezeni pa manambala enawo: 460, kenako 40. Manambala amenewa sanagwe kumwamba. Alipo chifukwa kwa zaka zoposa 100 panali anthu amene ankayeza mtunda wa pakati pa maziko ndi madzi n'kulemba. Popanda zolembazo, palibe akanatha kuima pamaso pa aphungu n'kunena kuti nsanja iyi yatsala ndi zaka zakuti. Ndalama zinabwera kumapeto, kutsatira manambala. Ku Denmark zinayendanso chimodzimodzi ndi nsanja ya Rubjerg Knude, imene anaisuntha mamita 70 mu October 2019 phompho litayandikira. Ku England anasankha njira ina. Nsanja ya Orfordness, yomangidwa mu 1792, anaizimitsa mu 2013 ndipo mu 2020 anaigwetsa okha, atachotsamo zofunika kusunga, chifukwa anaona kuti nyanja yapambana. Ngakhale kugonja kumeneku kunali kodziwa: anasankha chotenga ndi chosiya. Ife tikataya chinthu timamva mphekesera patapita chaka.

Ntchito ya woyezayo si yodabwitsa ayi. Amakhoma chikhomo chachitsulo kapena kuumba kachipilala ka simenti pamalo posasuntha, ndipo mwezi womwewo chaka chilichonse amakoka tepi kuchokera pa maziko kukafika pomwe gombe lagumukira. Amajambula chithunzi ataima pamalo amodzimodzi. Khoma likakhala ndi mng'alu, amaika chizindikiro kumapeto kwake n'kulemba deti, kuti chaka chamawa adzaone ngati wakula. Amayang'ana ngati chinyontho chikukwera m'njerwa, ngati chiswe chalowa m'mitengo ya denga, ngati kachere wamera m'khoma, pakuti mizu yake imang'amba njerwa kuposa chivomerezi chaching'ono. Amaonanso ngati wina wamata simenti pa khoma lomwe linamangidwa ndi laimu. Ichi n'cholakwa chimene anthu a mtima wabwino amachita kawirikawiri pa matchalitchi akale: simenti imatsekera chinyontho mkati, njerwa zofewazo n'kuyamba kufumbutuka kuseri kwa pulasitala wooneka bwino. Zida zonse za ntchitoyi zikhoza kulowa m'chikwama cha kusukulu. Mtengo wake sufika pa alawansi ya bwana mmodzi pa semina ya masiku atatu ku Salima, pa loji ya m'mbali mwa nyanja yomwe tikukambayi.

Wina anganene kuti nyanja yathu ndi yofatsa, si ngati Atlantic. Ameneyo sanawerenge mbiri yake. Kuyambira 1915 mpaka cha mu 1935 madzi anatsika kwambiri moti anasiya kutulukira mu Shire. Kenako anakwera, ndipo mu 1980 anapitirira mamita 477, mulingo umene sunaonekenso kuchokera nthawiyo. Ku Karonga mpaka lero kuli Old Town ndi tauni yatsopano, chifukwa madzi a zaka zimenezo anakankhira anthu kumtunda. Pofika 1997 anali atatsikanso kufika cha pa mamita 473, ndipo mibadwo yatsopano inaona mchenga wautali n'kuganiza kuti ndi mmene nyanja inalengedwera. Anagula mapuloti, anamanga. Zimene zinachitika mu 2024 sizinali zachilendo kwa nyanja, zinali zachilendo kwa ife oiwala msanga. A National Water Resources Authority atakumbutsa kuti malamulo saloleza kumanga m'munsi mwa mzere wa mamita 477, ambiri ndi pomwe anamva koyamba kuti mzere wotere ulipo. Funso loti amene anavomereza mapulani a nyumbazo anali kuti, ndalisiyira anzanga a zamalamulo.

Za zitseko za ku Liwonde nazo tisanamizane. Madzi ambiri amene amachoka m'nyanja yathu amapita m'mwamba ngati nthunzi, a mu Shire ndi gawo laling'ono. Mukatsegula zitseko zonse, mulingo wa nyanja utsika pang'ono ndiponso mochedwa, koma madziwo akafikira anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje, amene anali asanapume bwino pa Namondwe Freddy wa mu March 2023. Ndipo madzi omwewo ndi amene amazunguza makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira m'chilimwe. Barrage si mpopi wa m'bafa woti mwini loji atembenuze akafuna. Nyanja idzakwera ndi kutsika monga yachitira kuyambira kale, ife chathu n'kudziwa chimene chili m'njira yake.

Choopsa kwenikweni ndi kukumana kwa madzi okwera ndi mphepo. Nyanja imafika pachimake cha m'ma April ndi May, mvula itangotha. Nthawi yomweyo ndi pomwe mwera umayamba kuomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa, ndipo umapitirira mpaka cha mu September. Nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 550, choncho mphepo imakhala ndi bwalo lalikulu lokulitsira mafunde. Madzi akakhala otsika, mafunde amathera mphamvu pa mchenga. Akakhala okwera, amafika pa tsinde la khoma n'kumakumba pansi pake usiku ndi usana, mpaka maziko atalendewera m'malere. Khomalo limaoneka labwinobwino mpaka tsiku limene ligwe. Bango limene linkaphwanya mafunde tinalidula kuti alendo aone mchenga woyera. Ndipo mwini malo mmodzi akamanga khoma lake la simenti kuti adziteteze, mafunde amabwerera ndi mphamvu n'kukadya gombe la mnansi wake. Mnansiyo akakhala msodzi, kapena manda opanda mwini wandalama, palibe amamva kulira kwake.

Izi sindinaziphunzire m'buku lokha. Kwathu ndi ku Mtandire, ndipo ife nyanja yathu ndi Lingadzi. Aliyense wokulira kumeneko amadziwa mmene gombe la mtsinje limayendera. Anthu amakumba mchenga matipa n'kumanyamula kupita kumene kukumangidwa nyumba zamipanda, ena amaumba njerwa pagombe penipeni, madimba amafika mpaka m'madzi, ndipo chaka chilichonse mtsinje umatengako phazi limodzi kapena awiri. Agogo ena a m'dera lathu amatha kukulozerani pomwe panali mtengo wa mango, pano pali madzi. Iwowo ndiye tepi yathu yoyezera, koma zimene akudziwa sizilembedwa paliponse. Mu February 2017 Lingadzi anasefukira n'kulowa m'nyumba za anthu, helikoputa ya asilikali inazungulira m'mwamba kupulumutsa otsekeredwa ndi madzi, ndipo masiku otsatira kunabwera magalimoto akuluakulu ndi thandizo. Thandizolo linali lofunika, sindikunyoza. Koma mng'alu wa pagombe unali ukuoneka kwa zaka, ndipo ana a sukulu tinkaulumpha popita kukasewera. Dziko limene silitha kuyeza mtsinje wodutsa pakati pa likulu lake, moyang'anizana ndi Area 47, ndi lovuta kulikhulupirira kuti likuyeza gombe la ku Nkhotakota.

Tsopano ndifike kwa anzanga a m'kalasi, chifukwa mkangano woopsa ndimakhala nawo ndi iwowa. Amati zinyumba za m'mbali mwa nyanjazo ndi za atsamunda ndi amishoni, nyanja ikazidya ndiye kuti yatithandiza kuchapa mbiri. Amanena izi mokweza, atawerenga machaputala awiri a Fanon. Ndimawafunsa kuti anapitako ku manda a amishoni ku Cape Maclear? Pamalo amene Edward Young ndi Robert Laws anakhazikitsa Livingstonia yoyamba mu 1875, asanasamukire ku Bandawe mu 1881, pakati pa ogona pamenepo pali Shadrach Ngunana, mlaliki wachikuda wochokera ku Lovedale ku South Africa, amene anamwalira mu 1877. Nyanja ikadzafika pamenepo sidzasankha mafupa potengera khungu.

Tengani Chauncy Maples, sitima imene yakhala ikuchita dzimbiri ku Monkey Bay. Inde, anaipangira ku Glasgow ndipo dzina lake ndi la bishopu wachingerezi amene anamira m'nyanjayi mu 1895. Koma inafika kuno m'zidutswa zikwi zingapo, ndipo pa mathithi a Shire, pomwe bwato silingadutse, zidutswazo zinayenda pa mitu ndi mapewa a anthu akuda. Chiboyila chake cha matani 11 anachikoka pamtunda amuna mazanamazana achingoni. Inayamba kuyenda pamadzi mu 1901. Mayina a amuna amenewo sanalembedwe pa chipilala chilichonse, ndipo umboni wokhawo wa thukuta lawo ndi chitsulo chomwecho. Mukati chimire, mwamiza ndani? Chimodzimodzi tchalitchi chachikulu cha St Peter pa Likoma, chimene ntchito yake inayamba mu 1903: miyala yake anaswa ndi kusenza ndi anthu a pachilumbapo.

Nanga Nkhotakota? Kumeneko Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika cha m'ma 1840, ndipo kuchokera pagombe limenelo anthu zikwizikwi ogwidwa m'midzi ya Achewa ndi mitundu ina anawolotsedwa m'zombo kupita kutsidya, n'kuyenda wapansi mpaka ku Kilwa. Amene anatengedwawo sanasiye makalata. Chimene chatsala ndi malo: gombe, mitengo ikuluikulu, mzikiti, manda. Dziko lathu linapereka njira za akapolozi pamodzi ndi njira ya Livingstone ku mndandanda woyembekezera wa UNESCO mu 2011. Kulemba dzina pa mndandanda ku Paris n'kosavuta. Koma mbiri imene ilibe mapepala imadalira nthaka, ndipo nthaka ya m'mbali mwa madzi imayenda. Ku Mangochi, pafupi ndi mlatho wa pa Shire, pali nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria, imene ndivomereza kuti sindiikonda. Pambali pake pomwepo pali chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya pa 30 July 1946, ambiri a iwo anthu akuda. Simungasunge chimodzi n'kutaya chinzake, zili pa bwalo limodzi. Ndipo ngakhale nsanja ya Victoriayo ndimaifuna iime, kuti mwana wanga adzaione ndi maso n'kufunsa kuti mayi ameneyu anali ndani kuti dzina lake lifike mpaka kwa Mponda. Kutsutsa utsamunda kumafuna umboni, ndipo wogwetsa umboni amathandiza wolakwayo.

Ena, odekha kuposa anzangawa, amati ndife osauka, m'zipatala mulibe mankhwala, ndiye tiyambe ndi amoyo. Mtsutso uwu ndimaupatsa ulemu. Koma taonani kwa anansi athu. Mabwinja a Kilwa Kisiwani ku Tanzania, dera lomwe lija makolo athu ankathera ulendo wa unyolo, anaikidwa pa mndandanda wa UNESCO wa malo amene ali pangozi mu 2004, mwa zina chifukwa nyanja inkakumba pansi pa makoma a linga lakale la Gereza. Anachita kafukufuku, analimbitsa makoma, anatchinga gombe, mothandizidwa ndi mabungwe akunja monga World Monuments Fund, ndipo mu 2014 malowo anachotsedwa pa mndandanda wa ngoziwo. Tanzania si America. Chimene anali nacho ndi lipoti lonena kuti khoma ili latsala pang'ono, ndipo lipoti lotere ndi limene limatsegula zikwama za othandiza. Palibe amapereka ndalama pa chiganizo chakuti tili ndi mbiri yolemera. Komanso njira zambiri zotetezera gombe n'zotchipa: kubwezeretsa bango, kudzala vetiva ndi mitengo, kuika madengu a waya odzaza miyala pomwe pavuta, kuletsa kukumba mchenga pafupi. Njira zomwezi zimatetezanso nyumba ya msodzi ndi sukulu ya pulayimale, choncho kusiyanitsa amoyo ndi akufa pa nkhaniyi n'kongopeka. Gombe ndi limodzi.

Lamulo tili nalo. Monuments and Relics Act ya 1990 imapatsa boma mphamvu yoteteza malo ndi zinthu zakale, ndipo pali nthambi ya Museums and Monuments imene ntchito yake ndi imeneyi. Cape Maclear ili mkati mwa Lake Malawi National Park, malo amene UNESCO inawazindikira mu 1984. Pa pepala sitikusowa kanthu. Ogwira ntchito m'nthambiyo sindikuwatenga ngati adani, pakuti aliyense amadziwa kuti za chikhalidwe zimakhala kumchira pa bajeti, ndipo nthambiyi imangosamutsidwa kuchoka mu unduna uwu kupita mu unduna uwo nduna zikasinthidwa. Koma umphawi sungakhale chifukwa chobisira manambala. Chimene ndikufuna n'chakuti malo aliwonse otetezedwa amene ali m'mbali mwa nyanja kapena mwa Shire akhale ndi tsamba limodzi, loikidwa poyera pa intaneti, lonena mtunda wa pakati pa maziko ndi madzi, kutalika kwa malowo poyerekeza ndi mzere wa 477 uja, tsiku limene munthu anapitako komaliza, ndi dzina la udindo wake. Tsambalo likakhala lopanda kanthu, aliike choncho lopanda kanthu, tonse tione.

Ndipo apa ndikulozanso chala kwa ife eni. Chaka chilichonse ophunzira mazanamazana a mbiri, a jogalafe ndi a zoyeza malo ku Zomba, ku Mzuzu ndi ku MUBAS timalemba madizeteshoni amene amathera pa shelefu, ambiri a iwo ofunsa anthu makumi asanu maganizo awo pa nkhani imene aliyense akuidziwa kale. Bwanji dipatimenti imodzi itatenga malo asanu, kuyambira Karonga, Bandawe, Nkhotakota, Cape Maclear mpaka Mangochi, n'kunena kuti kalasi iliyonse ya chaka chachitatu izipita kukayeza mu May, madzi ali pamwamba, ndi mu November, ali pansi? Wa zoyeza malo agwire tepi ndi GPS, wa mbiri akhale pansi ndi agogo a m'mudzimo alembe pomwe madzi anafika mu 1980, mayina a malo amene anamira, ndi manda amene anasamutsidwa. Zikalata zakezo zisungidwe ku National Archives ku Zomba ndipo kope lina litsale kwa mfumu ya m'deralo, m'chilankhulo chimene anthu ake amawerenga. Pakatha zaka khumi tidzakhala ndi chimene a ku Cape Hatteras anali nacho asanapeze madola awo. Ndalama ya basi yopita ku Nkhotakota timaipeza pa maulendo a kwaya ndi a mpira, ndiye tisanene kuti yasowa pa ichi.

Otsala ku Lilongwe asadandaule kuti nyanja ili kutali. Ayambire pa Lingadzi, kuchokera pa mlatho kutsika ndi Mtandire yense, chikhomo chimodzi pa mamita 100 aliwonse, mvula ya chaka chino isanayambe.